Khutu Langa M'phulusa

Linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa linayamba kuwotcha anthu asanamwe n'komwe tiyi. Kunalibe kamphepo ngakhale pang'ono. Malata a nyumba ankathetheka ndi kutentha, kuseri amayi ankakwecha ndi mchenga miphika yobwereka ya pamaliro, ndipo pamsewu panadutsa ngolo, mwini wake akukalipira ng'ombe imodzi yaulesi. Nyenje zinkalira mumtengo wa mango. Kapena zinali nyenje za m'makutu mwanga momwe, chifukwa masiku ano sinditha kuzisiyanitsa. Mkazi wanga tinali titamuika m'manda Lachinayi.

Ndinadzuka pamphasa pomwe anandikhazika masiku onse a maliro, ndi kulowa kuchipinda kukatenga kadengu kamene kankakhala kumutu kwa bedi lake. Kadenguko panalibe. Ndinayang'ana kunsi kwa bedi, kuseri kwa chitseko, m'sutikesi. Chipinda chinali chitasesedwa bwino lomwe, ngati simunadwalemo munthu miyezi isanu ndi iwiri.

M'kadengumo munkakhala mankhwala ake, kapu yake, sipuni, ndi kachitini kakale ka mafuta odzola. Mankhwalawo sindinkawafuna. Ndinkafuna kachitiniko, chifukwa mkati mwake munali katchuna kanga ka gitala.

Amene sanakaonepo ndiwafotokozere. Ndi kanthu kakuda, kochepa ngati bokosi la machesi, kokhala ndi mano awiri a mphira ngati chopanira zovala pachingwe. Umakapana kumutu kwa gitala, n'kukanikiza kabatani, kagalasi kake n'kuyaka. Ukaliza chingwe chimodzi, kamaonetsa chilembo cha chingwecho ndi kamuvi. Chingwe chikakhwefuka, kamuvi kamagwera kumanzere. Chikamangika kwambiri, kamathawira kumanja, ndipo kuwala kumakhala kofiira. Iwe umapota pang'onopang'ono mpaka kamuvi kaime pakati, pamenepo kagalasi konse kamasanduka kobiriwira. Ubwino wake ndi wakuti sikamvera mawu a mumphepo, kamamvera kunjenjemera kwa thabwa la gitala lenilenilo. Ana alire, ng'oma zilire, tambala alire pazenera la tchalitchi, iko kalibe nazo ntchito.

Ine ndinagwira ntchito pachigayo cha mpunga kuno ku Vinthukutu zaka makumi atatu. Chigayocho chinadya makutu anga pang'onopang'ono, monga chiswe chidyera mtanda wa denga kunja kukuoneka bwinobwino. Mawu a munthu ndimawamva, makamaka ndikamayang'ana milomo yake. Koma kusiyanitsa chingwe chotchunidwa bwino ndi chingwe chimene chatsika pang'ono, zimenezo zinandithawa kalekale. Sindinauze munthu. Ndakhala ndikuimbira gitala kwaya ya amayi ya pampingo pathu kuyambira tsitsi langa lili lakuda, ndipo ndinkaopa tsiku limene adzandiuze mwaulemu kuti, adada, pumulani. Ndinkakhulupirira kuti ankadziwa ndi mkazi wanga yekha.

Iyeyo ndiye anali khutu langa. Lamulungu lililonse m'mawa, asanavale za kwaya, ankakhala pakhonde akusankha mpunga m'lichero, ine ndili pampando ndi gitala. Ankaimba mawu a chingwe choyamba chotseka pakamwa, ine n'kuliza.

"Kwezani, abambo. Kwezaninso. Iii, mwapyola, mukufuna chiduke? Bwererani."

Zonsezi osadzutsa n'komwe mutu palichero. Zingwe zisanu ndi chimodzi zikagwirizana ankati, "Basi, musakhudzenso, manja anu oyabwawo."

Atayamba kudwala, mpweya unkamuchepera, sankathanso kugwira mawu nthawi yaitali. Kumene anamva zoti kuli tinthu totchunira gitala sindikudziwa. Anatuma mayi wina wopikula nsalu ku Tanzania, ine osadziwa, ndipo tsiku lina anandipatsa kanthuko ali chigonere.

"Ili ndi khutu lanu latsopano," anatero. "Silikalipa ngati ine, koma mulisamale."

Ndinakasamala ndithu. Ndikamaliza kutchuna ndinkakazimitsa ndi kukachotsa pagitala, chifukwa kakakhalitsa pamenepo mphira imalema, ndipo imasiya chipsera pavanishi. Ndinkakapukuta ndi kansalu ka magalasi a maso, madzi ayi. Fumbi likalowa m'kamfundo kake kozungulira ndinkalichotsa ndi nthenga ya nkhuku. Batire lake ndi lathyathyathya ngati batani la jekete, ndipo silipezeka pagolosale iliyonse, mpaka upite kwa okonza mawotchi ku Boma. Choncho ndikadziwa kuti papita masiku ndisanaimbe, ndinkalichotsa n'kulikulunga pakapepala padera. Kutentha kwa kuno kumapha tinthu totere. Sindinakasiyepo pazenera, kapena m'thumba la malaya ndili panjinga masana. Nthawi ya dzinja ndinkathira timpunga touma m'kachitinimo kuti tizimwa chinyezi. Mkazi wanga ankandiseka.

"Ine zaka zonsezi simunandiikepo m'chitini."

Miyezi yake yomaliza ndinkamuimbira masana kuchipinda. Ankafuna akapane yekha kumutu kwa gitala, n'kumayang'ana kagalasi ine ndikupota. Kakabiriwira ankakweza chala. N'chifukwa chake kachitini kanasamukira m'kadengu ka mankhwala, pomwe dzanja lake linkafika.

Anali atapeka nyimbo yake imodzi, n'kuiphunzitsa amayi a kwaya matenda asanamugoneke. Iye anali mwana wa ku Hara, wokulira m'matope a mpunga, ndipo nyimboyo inkanena za mbande: kuti tonsefe tili panazale, ndipo Mwini munda akazula mbande sakuipha ayi, akukaiwoka pamalo otakasuka. Anandiuza mawu omveka bwino, kawiri konse.

"Lamulungu loyamba ine nditapita, amayi adzaimbe nyimbo ya mbande, inu mudzalize gitala. Musadzakhale dzanja lili patsaya ngati mwana wosochera pamsika. Mudzalize."

Ndinavomera. Lamulungu limenelo linali mawa lake la Loweruka ndikunenali.

Ndinatuluka kuseri. Alamu anga aakazi, mkulu wake wa mkazi wanga, anali atakhala pathumba akugawa ntchito kwa amayi otsuka miphika. Iwo ndi amene ankatsogolera zonse za m'nyumba kuyambira tsiku la imfa. Pafupi nawo panaima mlongo wawo, alamu anga aamuna, akupukuta njinga yawo yamoto.

"Alamu, kadengu ka m'chipinda kali kuti?"

"Ka mankhwala kaja? Tinatentha dzulo, alamu. Pamodzi ndi mphasa ndi nsanza zonse za matenda."

Kwathu kuno timachita motero. Likapita tsiku loika maliro, abale a malemu amasesa nyumba. Zovala zabwino amagawana, koma zimene zinakhudzana ndi matenda amaziwotcha kuti matendawo asatsale m'nyumba. Wamasiye safunsidwa. Amakhala pamphasa pabalaza, kulandira manja a anthu. Utsi ndinauona Lachisanulo, ndipo fungo la pulasitiki yopsa linandipeza pomwe ndinakhalapo, ine ndili yewo, yewo, kuthokoza obwera kudzapepesa.

"Munali kachitini mmenemo," ndinatero.

"Eya, tinakatsegula. Munali chija cha kuchipatala. Chimenecho ndiye chinayamba kulowa pamoto, ndinachiponya ndekha."

"Cha kuchipatala chiti?"

"Chija anesi ankamupana nacho chala, chowerenga manambala. Kaya munabwera nacho bwanji kuno, kaya munaiwala kubweza."

Ndinapita kudzala. Phulusa linali lisanazizire kunsi kwake. Ndinafukula ndi kamtengo, kenako ndi manja. Ndinapeza mabotolo osweka, sipuni yakuda bii, kachitini kopindika, ndipo pambali pake kachibulu ka pulasitiki yosungunuka, kasipuling'i katatulukira kunja ngati munga wa nsomba.

Ndinabwerera nako m'dzanja. Anthu amandidziwa kuti sindikweza mawu, ndipo tsiku limenelo sindinakweze.

"Ichi si cha kuchipatala. Ichi ndi cha gitala yanga. Anandigulira ndi mng'ono wanu yemweyo."

Amayi anasiya kukwecha miphika. Alamu aakazi anayang'ana dzanja langa, kenako nkhope yanga. Akanangoti pepani, mwina nkhani ikanathera pomwepo. Koma anthu ankaonerera, ndipo iwo ndi munthu wosazolowera kulakwa pagulu.

"Ndiye cha gitala chimafuna chiyani pakati pa mapiritsi? Ife tilote?"

"Mukanafunsa. Ndinali pabalaza pomwepa."

"Wamasiye safunsidwa, alamu. Mwambo mukuudziwa, ndinu wamkulu."

Alamu aamuna anaseka, kuseka kuja kofuna kuziziritsa nkhani.

"Aa, alamu! Mkulu wa mpingo wathunthu kufukula dzala chifukwa cha kachidole? Ife tataya mlongo, inu mukulira pulasitiki. Kale gitala inkalira popanda zimenezi. Makutu muli nawo awiri, akuluakulu bwino."

Amayi ena anabisa pakamwa ndi nsalu.

Apa ndi pamene panali povuta. Kuti ndiwauze kufunika kwa kanthuko, ndinayenera kuulula pamaso pa amayi onsewo, ena a iwo a kwaya, kuti makutu akuluakuluwo ndi ongokongoletsa mutu. Sindinathe. Ndinameza mawu, ndipo mawu omezawo anasanduka mwala pachifuwa. Kenako alamu aakazi anawonjezera.

"Komanso munthu woti waika mkazi dzana lomweli agwira bwanji gitala? Anthu adzati chiyani? Mwina Mulungu wakonza dala."

Mawu amenewo ndi amene ndinawasunga chaka chathunthu. Kundiwotchera chinthu changa, kenako n'kuika dzina la Mulungu pamwamba pa phulusalo.

Masana onse ndinadzitsekera kuchipinda ndi gitala. Inali itakhala masabata awiri osakhudzidwa, ndipo kutentha kunali kutakhwefula zingwe. Ndinayesa njira zonse. Ndinagunditsa chibwano pathabwa kuti ndimve kunjenjemera m'mafupa. Ndinaluma mutu wa gitala ngati galu. Ndinayerekeza chingwe ndi chinzake monga ndinkachitira ndili mnyamata. Nthawi zina ndinkaona ngati zagwirizana, ndikalizanso n'kuyamba kukayika. Mphunzitsi wamkazi wa ku Ntcheu, amene amatsogolera kwaya yathu, anabwera kudzafunsa ngati ndili ndi mphamvu zoimba mawa. Mayi ameneyo ali ndi khutu labwino, akanandithandiza madzi a tiyi asanawire. Ndinamuyankha pazenera kuti zonse zili bwino. Ili ndi tchimo langa, ndipo ndikulilemba kuti lisabisike. Koma tsiku limenelo ndinalisenzetsa alamu anga pamodzi ndi zina zonse.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. Abale a ku Hara anakhala mabenchi awiri akutsogolo. Nthawi itakwana amayi anaimirira atavala zoyera, ine ndinakhala pakampando kanga ka masiku onse, ndi kuyamba. Sindinamve cholakwika chilichonse, ndipo ichi ndicho chowawa kwambiri. Ndinachiona pankhope za anthu. Mayi woyambitsa nyimbo anatsegula pakamwa, n'kutseka, n'kuyang'ana mnzake. Analowa mochedwa, ena pamwamba ena pansi, ngati ng'ombe ziwiri zokokera ngolo kosiyana. Ana a kumbuyo anagwirana mapewa. Mphunzitsi uja anatembenuka, anabwera pafupi, n'kuika dzanja lake pa zingwe zanga mofatsa, monga munthu atsekera maso a wakufa.

"Adada, pumulani," anatero chapansipansi. "Tiimba pakamwa."

Anaimba nyimbo ya mbande kuyambira poyamba mpaka pamapeto popanda ine. Anthu amati anaimba bwino, ambiri analira. Ine ndinakhala pomwepo kutsogolo kwa mpingo wonse, gitala ili pamiyendo, ndipo pomwe ndinkazindikira n'kuti dzanja lili patsaya.

Potuluka, alamu aamuna anandigwira phewa.

"Chisoni, alamu. Chisoni chimanjenjemeretsa manja."

Ndinachotsa dzanja lawo paphewa panga, ndi kupita kunyumba ndekha.

Gitala ndinaipachika pamsomali, sindinaikhudzenso. Ine ndi uja amandiitana pabwalo la mpingo anthu akayambana, chifukwa amati sindifulumira kuweruza. Koma mlandu uwu ndinkauweruza ndekha tsiku lililonse, ndikulima chinangwa, ndikupalasa njinga, ndikutsuka mbale yanga imodzi, ndipo tsiku lililonse alamu anga ankapezeka olakwa. Sanafunse. Anatsegula chitini chosakhala chawo. Anaona kansalu kopindidwa bwino ndi timpunga, kodi chinthu cha kuchipatala munthu amachisunga chonchi? Pa miyezi isanu ndi iwiri ya matenda anabwera kangati? Nsanza zimene anawotchazo amene ankazichapa ndine, manja mpaka kusupuka. Koma tsiku losesa iwo ndiwo anakhala eni nyumba, ine mlendo pamphasa. Ndinadana nawo mwambowo, umene ine mwini ndinaukhalira kumbuyo pamaliro a anthu ena osawerengeka. Ndikaona utsi kuseri kwa nyumba ya munthu, mtima unkawira. Akatumiza uthenga wa moni kuchokera ku Hara, ndinkauza wobwera nawo kuti ndamva, basi.

Mgonero ukafika ndinkangokhala pabenchi manja ali pamiyendo, mkate n'kundidutsa, chifukwa ndinkadziwa zimene zinali mumtima mwanga, ndipo Mulungu sindikanamunamiza. Abusa anandifunsa kawiri. Ndinati ndikadali kulira. Linali bodza. Sikunali kulira, unali mkwiyo, ndipo ndinkaudyetsa bwino.

Mvula itayamba, alamu aamuna anabwera panjinga yawo yamoto, matope mpaka m'mawondo. Anali atawoloka malire a Tanzania kukagula zitsulo za njinga, ndipo anati anayenda masitolo anayi ndi Chiswahili chawo chothyokathyoka, akupana zala m'mwamba ndi kuliza gitala ya mumphepo, mpaka wogulitsa wina anamvetsa. Anatulutsa kabokosi m'jekete.

"Nachi chidole chanu, alamu. Tsopano muzitilankhula."

Akanapanda kunena kuti chidole. Ndinalandira ndi dzanja limodzi, chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu wamkulu, ndipo mpando sindinawapatse. Anaima kanthawi akukanda mutu, kenako analiza njinga. Atapita ndinaponya kabokosiko pamwamba pa khoma, pomwe njerwa zimakumana ndi malata, osakatsegula. Mumtima ndinati, aka si kaja anagwira ndi dzanja lake, ndipo Lamulungu lija silidzabweranso.

Kanakhala pamenepo mvula yonse, nyengo yozizira yonse, mpaka dzuwa la Okutobala linabweranso.

Chaka chitakwana tinamanga chiliza. Kutatsala sabata kuti tichivundukule, mphunzitsi wa kwaya uja anandipeza ndikumangira mbuzi, nati amayi akufuna kukaimba nyimbo ya mbande kumanda.

"Kampando kanu sitinapatse munthu, adada."

Ndinayenda nawo mawuwo masiku angapo. Lonjezo linali la Lamulungu loyamba, ndipo linapita. Komabe ndinaona kuti ngati pali khomo lina lotseguka, ndi limeneli, ndipo likatsekeka sipadzakhalanso lina. Ndinamutumizira mawu kuti ndidzaliza.

M'mawa wa tsikulo, anthu atayamba kufika, ndinatsitsa gitala ndi kuipukuta fumbi. Ndinakwera pampando n'kupapasa pamwamba pa khoma. Kabokosi kanali katatentha kale, katafufuma ndi madontho a mvula yakale. Ndinakatsegula. Kagalasi kanali ndi banga lakuda pakati ngati diso la nsomba yowamba. Ndinakanikiza batani, zii. Nditatsegula kumbuyo, batire linali litatupa, litachita zoyera ngati mchere, tizitsulo togwira batirelo titadyeka. Ogulitsa anali ataliikamo kale, ndipo linaphikidwa kunsi kwa malata miyezi yonseyi.

Ndinakhala pabedi. Ine amene ndinkachotsa fumbi ndi nthenga ya nkhuku. Koyamba kaja alamu anga anakawotcha osadziwa chimene akuwotcha. Kachiwiri aka ndinakawotcha ndine, pang'onopang'ono, ndikudziwa bwino lomwe zimene malata a kuno amachita.

Koma musaganize kuti mkwiyo unathera pamenepo. Unakula. Munthu akadzipeza wolakwa amafunafuna wina woti amukwiyire koposa. Ndipo nthawi yomweyo alamu aakazi anaodira pakhomo la chipinda, atanyamula beseni la mpunga wa ku Hara, akufuna kufunsa koika. Chaka chonse ndinali ndisanalankhule nawo kupatula moni wouma.

Anaona gitala pabedi, anaona kanthu kakufa m'dzanja langa. Anatula beseni, nakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atatambasula.

"Kafanso?"

"Kafa."

"Ndiye aka sindinakaphe ndine."

"Aka ayi. Inu munapha kaja kanali ndi ntchito."

Pamenepo mwala uja unatuluka. Ndinawauza zonse zimene ndinasunga: za kusafunsa, za kuseka kwa amayi, za dzanja la mphunzitsi pa zingwe zanga mpingo wonse ukuona, za Mulungu amene anamuika pamwamba pa phulusa. Ulendo uno mawu anga anakwera, mpaka anthu a pakhonde anakhala chete. Alamu sanandidule. Nditamaliza anasisita bondo.

"Mawu aja a Mulungu ndinalakwa, alamu. Manyazi anandigwira, ndiye pakamwa panathamanga. Koma inunso simunandifunsepo chifukwa chake ndinachiponya ndekha. Tsiku lomaliza kuchipatala inu munatuluka kukasaka mankhwala aja anasowa, amene ndinatsala naye ndine. Chinthu chija chili pachala chake, manambala akutsika, ine ndikuyang'ana. Kutsika, kutsika. Ndinaitana anesi, anabwera, anangochichotsa pachala n'kuika m'thumba. Ndiye Lachisanu lija nditsegule chitini, ndichipeze chili phee pakansalu ngati dzira. Ndinachinyamula, kaya ndinakhudza pati, chinayaka. Chinayaka chofiira m'dzanja mwangamu. Ndinakuwa, funsani amayi anali pomwepo. Sindinaganize za gitala, sindinaganize za inu. Ndinangofuna chichoke pamaso panga."

Ndinakumbukira kuti m'chipwirikiti chothamangira kuchipatala batire ndinali ndisanachotse. Chaka chonse ndinaweruza mlandu mboni ndisanaimve, ine wa pabwalo la mpingo.

"Nanga lero muchita bwanji?" anafunsa.

"Sindiliza. Sindingathe kutchuna ndekha." Ndinapuma, kenako ndinanena chimene ndinabisa zaka zonse. "Makutu anga anafa, alamu."

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mwe, alamu! Imeneyo ndi nkhani? Ku Hara konse tikudziwa. Tinayamba liti kukupatsani moni kawiri? Mumayesa ndi chikondi?"

"Ndiye mlongo wanu ponena za makutu akuluakulu ankadziwa?"

"Uja pakamwa pake panaphuka mano nzeru zisanaphuke. Koma masitolo anayi anayenda. Chimene sitinkadziwa n'chakuti kanthu kaja ndiko kanali khutu. Mukanatiuza, inunso."

Anasendera pafupi ndi bedi.

"Tengani gitalayo. Ine gitala sindiidziwa, koma mawu awiri akamakangana ndimamva. Ine ndi mng'ono wanga tinaphunzirira kuimba m'munda umodzi, tikuingitsa mbalame."

Sindinafune. Ndinena zoona, ndinafuna ndikane, kuti aone mmene anandipwetekera. Koma kunja amayi a kwaya anali atayamba kufika, ndinaona mipango yawo yoyera pazenera. Ndinanyamula gitala.

Anaimba mawu oyambira nyimbo ya mbande chotseka pakamwa, ine ndinapota chingwe chachikulu mpaka anagwedeza mutu. Kenako ndinkakanikiza chingwe chimodzi, n'kuchiliza pamodzi ndi chinzake chotsatira, iwo atapendeketsa mutu, maso atatsinzina.

"Zikukangana. Kwezani chaching'onocho. Kwezaninso. Iii, mwapyola, mukufuna chiduke? Bwererani."

Dzanja langa linaima. Iwo sanadziwe kuti alankhula mawu a ndani.

"Mwatani? Potani, anthu akudikira."

Chingwe chachitatu chinativuta, tinabwereza kanayi, ndipo anandinena kuti ndili ndi manja a pachigayo. Ine ndinawayankha kuti manja a pachigayowo ndi amene anakonola mpunga wawo zaka makumi atatu. Anati aa, mwayamba kulankhula.

Kumanda dzuwa linali lofanana ndi la chaka chathacho. Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pachiliza, amayi anaimirira. Wina anali atanyamula kampando kanga kuchokera kutchalitchi. Ndinakhala, ndinayamba, maso anga ali pankhope zawo. Mayi woyambitsa analowa pa nthawi yake, osayang'ana mnzake. Ena onse anamutsatira pamodzi. Mphunzitsi sanatembenuke. Palibe anabwera kudzaika dzanja pa zingwe zanga, ndipo tinaimba mpaka mbande yomaliza inawokedwa. Silinali Lamulungu loyamba. Linali Loweruka, ndipo ndinachedwa ndi chaka. Zimenezo ndikakambirana naye mkazi wanga ndikamupeza.

Anthu akudya, alamu aamuna anabwera pomwe ndinakhala, mbale ili m'manja.

"Chidole chija chagwira ntchito, eti alamu? Gitala yalira bwino lero."

Alamu aakazi anawaponda phazi. Ine ndinaimirira, ndinawapatsa alamu aamunawo mpando wanga ndi manja awiri, ndipo ndinawauza chimene chinachitikira kabokosi kawo pamwamba pa khoma. Anati ulendo wina akawoloka adzabwera ndi kena, koma adzakaika okha m'chitini.

Anabwera nako. Ndili nako mpaka lero, m'kachitini katsopano, pakansalu, ndi timpunga ta ku Hara, batire lili padera. Kachibulu kosungunuka kaja, kamene ndinakasunga m'thumba la jekete la kutchalitchi chaka chonse, ndinakakwirira kumunda. Lamulungu la mgonero lotsatira, mkate utafika pabenchi yanga, ndinatambasula dzanja.

Alamu anga ndinawakhululukira.